Nyimbo Zimene a Damiyano Anaikiza

Sabata yatha tinakavundukula chiliza cha a Damiyano Nzunga, ndipo abale awo anandipempha kuti ndinenepo mawu m'malo mwa anthu a pamishoni. Ndinakana. Ndinawauza kuti ndili ndi chimfine, ndipo silinali bodza kwenikweni, pakuti kuno kumapiri a Dedza mwezi wa Juni palibe amene mphuno yake imauma. Koma chenicheni n'chakuti pamanda anthu amafuna kumva kuti malemu anagwira ntchito yotamandika ndipo ntchitoyo yatsala nafe. Ya a Damiyano sinatsale. Anathera ukalamba wawo akutolera nyimbo za Chingoni m'kamwa mwa nkhalamba zomaliza zozidziwa, nazisunga m'kompyuta, ndipo nyimbozo zinawathera m'manja iwo akuona. Ndikanaima bwanji pamaso pa anthu n'kumaikometsera nkhani yoteroyo?

Ine ndinali mphunzitsi pa pulayimale ya mishoni yathu, m'mapiri kuseri kwa Bembeke. Makina opukusira mapepala a mayeso ankakhala m'kachipinda ka kumbuyo kwa ofesi ya abambo mfumu, ndipo m'kachipinda komweko munali tebulo la a Damiyano. Anayamba kutaipa makalata a pamishoni ine ndidakali kumsana. Atapuma ntchito kiyi sanabweze, ndipo panalibe wolimba mtima wokawauza kuti abweze.

Anali munthu wamtali, woonda, wa chikhoti chakuda chimodzimodzicho dzinja ndi chilimwe. Njinga yawo inalibe buleki yakumbuyo, choncho potsika chitunda ankakhwekhwereza nsapato pansi, ndipo tonse tinkadziwira fumbi kuti akubwera. Moni ankayankha mwachidule ngati akugula. Kompyuta ankaimenya ndi zala monga ankamenyera taipi yawo yakale yachitsulo, mpaka zilembo zina zinafufutika, koma poweruka ankaifunditsa bulangete lawo labwino kuopa chinyezi, iwo n'kumafunda losanza kunyumba. Ndi a kwaya sankamwerana madzi. Ankanena poyera kuti munthu woimba osaponda pansi akungoyasamula, ndipo kwaya yathu, malinga ndi iwo, inkayasamula Lamulungu lililonse kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira. Ine ndinali wa kwaya. Mungathe kuona kuti ubale wathu sunayambe bwino.

Chithunzi chawo chimene chimakana kuchoka m'maso mwanga ndi cha chaka chawo chomaliza. Ndinawapeza atakhala pakhonde, pamiyendo pali lichero, ndipo m'licheromo atayala madisiketi, timbale tija tapulasitiki tosungiramo za m'kompyuta, tokwana m'thumba la malaya. Ankatitembenuza kamodzikamodzi padzuwa.

"Bambo, dzuwa liziwononga zimenezo," ndinatero.

"Zidawonongeka kale, aphunzitsi. Ndikungoyesa, kaya chinyezi chingatulukemo."

Sanandiyang'ane. Ine, amene pakamwa panga sipasowa yankho, ndinangodutsa. Koma kuti mumvetse za licheroli ndibwerere m'mbuyo.

Nyimbozi sikanali koyamba kuzitolera. Ali mnyamata anayenda m'midzi ya Angoni akulemba mawu a nyimbo za ngoma, gule wa amuna uja wa zishango ndi zibonga, ndi za msindo zoimba amayi. Mawu ake ndi a Chingoni, chilankhulo chimene makolo anabwera nacho kuchokera kum'mwera, ndipo ngakhale panthawiyo ochimva anali owerengeka. Makope anadzaza sutikesi. Kenaka, m'zaka zija za chipani chimodzi, kunamveka mphekesera yoti anyamata a chipani akusecha m'nyumba za makalaliki, ndipo pepala lililonse lolembedwa m'chilankhulo chimene iwo sakuchimva akuliyesa kalata ya zigawenga. A Damiyano anali ndi ana aang'ono. Anatenga sutikesi ija masanasana, napita nayo kuseri kwa khitchini, naotcha makope onse ndi manja awo. Anyamata aja sanabwere n'komwe.

Nkhaniyi anandiuza kamodzi kokha, akumanga chingwe cha nsapato, ndipo sanaibwerezenso.

Choncho referendamu itadutsa, anthu tonse tikukangana za zipani m'misika ndi m'mabasi, iwo ufulu anaumva mwina. Anakabwereka wailesi ya kaseti, naimangirira pa keliyala, n'kuyamba kukwera mapiri. Anali pa liwiro ndi imfa, ndipo ankadziwa. Nkhalamba zodziwa nyimbo zinali zitatsala zochepa, ndipo ana amene akanazilandira ndiwo ankatsogola kumanda ndi matenda aja amene tinkaopa kuwatchula dzina. Ankafika pamudzi n'kupeza agogo akulera adzukulu, nawapempha kuti aimbe. Ena ankalira kaye. Ena ankatuma mwana kukatenga chibonga, n'kuimirira pabwalo ndi mawondo awo ofookawo, n'kuponda pansi mpaka fumbi. Kangapo anabwerako madzulo ali gwa, n'kungoti: "Ndapeza atawaika m'manda dzana."

Makaseti anali nawo owerengeka, ndipo kuno chinyezi chimadya tepi msanga. Amene anawathandiza ndi bulaza, mmishoni wina wa ku Ulaya amene ankayang'anira za ofesi panthawiyo. Iyeyu ndiye anabwera ndi kompyuta, nawaphunzitsa kukhuthulira mawu a m'kaseti m'kompyutamo kudzera pa kachingwe. Akakhuthula, kaseti ija ankaibwereza, kujambulirapo nkhalamba ina. Motero kunalibenso kwina kumene mawu aja ankatsala. Onse anali m'bokosi limodzi lofunda bulangete.

Bulaza uja atatsala pang'ono kubwerera kwawo, analumikiza kompyuta ku waya wa foni ndi kabokosi kena kolira ngati nkhululu. Anati kwawoko kuli chikompyuta chachikulu chosazima, ndipo wapemphako kamalo pang'ono. A Damiyano azitumiza nyimbo pafoni, iye azikaziika pa tsamba la intaneti, kumene aliyense padziko angazimve, ndiponso kumene sizingapse kapena kubedwa. Vuto linali lakuti mawu a munthu akalowa m'kompyuta amadya malo ambiri. Nyimbo imodzi sinkakwana m'disiketi, ndipo pafoni inkayenda pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Foni yathu nayo inkaduka mphepo ikangogwedeza mitengo ya paini, ndipo ikaduka munthu ankayambiranso pachiyambi. Mankhwala ake, anatero bulaza, ndi kufinya: kompyuta imachotsamo zimene khutu silingazisowe kwambiri, n'kupanikiza zotsalazo mpaka chinthu chachikulu chisanduke kakang'ono.

A Damiyano anandifotokozera m'njira yawo. Anati ndi mfutso basi. Nkhwani wodzaza dengu ukaufutsa umakwana m'chikwatu chimodzi, ndipo tsiku lofuna ndiwo umangouviika m'madzi, n'kubwerera.

Tsiku limene nyimbo yoyamba yofinya inadutsa pafoni ndinalipo, ndikupukusa mayeso a masamu. Sinatenge nthawi yoposa yophika tiyi. Iwo anaimirira, nakhalanso, naimiriranso, kenaka anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo. Patapita masiku bulaza anayankha kuti nyimbo yafika bwino, ili pa tsamba, ndipo poti ndi yaing'ono anthu sakudikira nthawi kuti aimve. Anati tumizani zonse, malo akwana.

Tsoka linayamba pamene a Damiyano anaganiza zomvetsera okha nyimbo yofinyayo. Anaimvetsera kawiri, nkhope ikugwa.

"Aphunzitsi, tabwerani. Mwamva chiyani?"

"Ndamva nyimbo."

"Mapazi mwawamva?"

Ndinatchera khutu. Mawu a madoda aja ankamveka, opyapyala pang'ono ngati a munthu ali m'chitini, koma mgugu uja wa mapazi, umene umagunda munthu pachifuwa, unali utatsala pang'ono kutheratu. Ngoma ya Chingoni ilibe ng'oma yoomba ndi manja. Ng'oma yake ndi nthaka.

"Awadula miyendo," anatero. "Ine sinditumiza amuna opanda miyendo kwa azungu kuti akawaseke."

"Bambo, tumizani. Opanda miyendo ali bwino kusiyana ndi opanda chilichonse."

"Inu a kwaya mungadziwe chiyani za miyendo?"

"Ndikudziwa kuti Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Ndipeza kaye kafinyidwe kosadula mapazi. Zathunthu zili m'menemu, sizithawa." Anasisita kompyuta ngati ng'ombe yamkaka.

Tinakangana za zimenezi miyezi yambiri. Ndinawanena kuti ndi ouma mutu, iwo anandinena kuti ndine wa phuma, ndipo panali sabata imene sitinapatsane moni. Anayesa njira iyi ndi iyo, koma akasunga mapazi nyimbo inkakula n'kukanika kudutsa pafoni, akaichepetsa mapazi ankasowa. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima, ndipo ndimapsa mtima kwambiri chifukwa khutu lawo silinkanama. Mapazi analidi atachoka.

Pa chinthu chimodzi chokha anamvera bulaza. Iye anali atawalangiza kuti azisunganso zonse m'madisiketi, ndipo madisiketiwo asamagone chipinda chimodzi ndi kompyuta. Apa sanavute. Anati izi n'zongosungira, sizikupita kwa alendo, zikhoza kufinyidwa. Anafinya nyimbo zonse, nazimanga mtolo umodzi, ndipo poti mtolowo unali waukulube, kompyuta inauduladula, n'kumapempha disiketi ina ikadzaza inzake. Iwo ankangolemba nambala pa iliyonse. Atamaliza anali ndi katoni yaing'ono yodzaza.

Ndiyeno anachita zimene atate awo ankachita ndi ng'ombe. Kwathu kuno mwini ng'ombe wanzeru sasunga zonse m'khola limodzi. Amaikiza: ziwiri kwa mlamu, imodzi kwa bwenzi la kutsidya, zina kwa mlongo, kuti matenda kapena akuba akalowa m'khola limodzi mtundu usathe. Woikizidwa amachiyesa ulemu. A Damiyano anakwera njinga nayamba kugawa madisiketi m'midzi, awiri apa, atatu apo, makamaka kwa mabanja a nkhalamba zomwe anazijambula. Ena anasiya kwa mnzawo Msilamu wa golosale ku Dedza boma, amene ankasewera naye bawo. Ine anandipatsa awiri, atawakulunga m'pepala la shuga, ngakhale tinali tisanagwirizane. Yomaliza, ya nambala yotsekera, anapita nayo kwa mlongo wawo, a Veronika, cha ku Kabwazi, ati wotsekera khola akhale wamagazi.

Tonse tinati mkuluyu ndi wanzeru, ndi abambo mfumu omwe. Panalibe mmodzi wa ife amene ankadziwa kuti ng'ombe yoikiza imakhala yathunthu, pamene disiketi iliyonse inali chiwalo chabe. Mtolo wodulidwa moteremu sumasuka pokhapokha zidutswa zonse zitakumana zili zamoyo.

Mphenzi inagwa masana ena a mwezi wa Febuluwale, ine ndili m'kalasi. Ana anagwa pansi ndi mantha. Inatsata waya wa foni, n'kulowa m'kabokosi kaja, n'kupitirira mpaka m'kompyuta. Titatsegula chitseko munali fungo la pulasitiki wopserera. A Damiyano anafika akuthamanga, atanyowa, ndipo ine ndinkaopa kuti agwa pomwepo. Koma anayang'ana, napukusa mutu, n'kumwetulira ndithu.

"Musadandaule, aphunzitsi. Khola lapsa, koma ng'ombe zili kwa anthu."

Wokonza amene abambo mfumu anamuitana anati m'katimo mulibenso chopulumutsa. Anatibwereka kompyuta ina kuchokera ku sekondale, ndipo a Damiyano anayamba ulendo wosonkhanitsa madisiketi aja, mvula ili pakati. Amene amadziwa misewu ya kuno m'dzinja andimvetsa. Matope ofiira ankamata matayala mpaka njinga kusanduka katundu, ndipo ankaikankha kukwera zitunda, munthu wa imvi mbuu. Kamodzi anagwera m'khwawa nabwera bondo litatupa, koma madisiketi anali ouma, atawamangirira pamimba mkati mwa chikhoti. Anthu anali atasunga mokhulupirika, aliyense monga ankadziwira. Ena anatsomeka kudenga la khitchini kumene amasunga mbewu, ndipo anada ndi mwaye. Ena anaika pansi pa sutikesi, ndipo anamera nkhungu yoyera. A kugolosale ndi anga okha ndiwo anabwera monga anapitira.

A Veronika sanadikire kuti awatsatire. Atamva za mphenzi ananyamuka okha m'mamawa, wapansi, ndipo anafika pamishoni atasenza wailesi yawo yokulunga m'chitenje. Anali mayi wamfupi, wonyadira mlongo wawo kuposa chilichonse. Anaitula patebulo mosamala.

"Achimwene, chuma chanu chija ndi ichi. Sichidagonepo pansi ngakhale tsiku limodzi."

"Nanga wailesiyi?"

"Ndimo ndidasungamo. M'nyumba mwanga mulibe malo ouma oposa m'menemu. Mbewa sizilowamo, ana saigwira."

Anatsegula chakumbuyo ndi nsonga ya mpeni. Disiketi inali m'katimo, yoyera bwino, yopanda kachitsotso, itatsamira kumsana kwa sipika. A Damiyano anawathokoza ndi manja awiri. Anakhala pansi, nauza kompyuta kuti imasule mtolo, ndipo kompyuta, monga mwa kachitidwe kake, inayamba yapempha disiketi yotsekera, pakuti m'menemo ndimo mumakhala chilozo cha pamene nyimbo iliyonse yayambira ndi pamene yathera. Anailowetsa. Inalira kwekwe, kwekwe, kenaka n'kukana. Anaitulutsa, naipukuta pa malaya, nailowetsanso. Inakana. Anaiuzira mpweya. Inakana.

"Kodi sizikutheka?" anafunsa a Veronika.

"Makina obwereka awa, achemwali. Sadandizolowere. Pitani mukamwe tiyi."

Iwo atatuluka, a Damiyano anayesa madisiketi enawo, imodzi ndi imodzi, ngakhale anga abwinobwino aja. Kompyuta inkangobwereza pempho lake lomwe lija. Thukuta linali kutsika m'khosi mwawo m'chipinda chozizira ngati chimenecho, ndipo ndinawamva akunong'ona, osati kwa ine: "Chonde. Chonde, mwanawe."

Ku Lilongwe ndinawaperekeza, chifukwa bondo lija linali lisanapole. Katoni anaifukata pachifuwa njira yonse m'minibasi. Bambo wokonza makompyuta amene tinamupeza anali woleza mtima. Atafunsa kumene disiketi yotsekera inkakhala, n'kumva za wailesi, anatseka maso. Anati kumsana kwa sipika kuli maginito, ndipo maginito amafufuta disiketi monga dasitala afufutira bolodi, osasiya chipsera chooneka. Anati pakanakhala kuti yafa ndi imeneyo yokha, akanayesa kulumikiza zinazo pamanja, koma nkhungu ndi mwaye zadya zambiri za pakati, ndipo chinthu chofinya chikaboola pamodzi chimafa chonse.

"Yesanibe, bambo," anatero a Damiyano. "Muli anthu m'menemo. Ambiri adagona kale."

Bamboyo analimbana nazo mpaka masana. Potsiriza anati watulutsako kanthu kamodzi, kamene kanali koyambirira penipeni pa disiketi yoyamba. A Damiyano anavula chipewa. Bamboyo anakweza sipika. Tinamva kutsokomola, kenaka mawu a a Damiyano eniake, a tsiku lija ankaphunzira kujambula: "Kodi zikumveka? Bulaza, kodi zalowa?" Basi, panalibenso china.

"Zimitsani," anatero.

Pobwerera tinafika pa Linthipe. Pamenepo anandigwira mkono nati, "Za wailesi zija zithere pompano. Achemwali asadzamve." Ndipo sanawauze. Anawauza kuti mphenzi ija inali yoopsa, inatsata nyimbo kulikonse kumene zinali, ndipo a Veronika anakhulupirira. Sabata yatha pa chiliza anakhala kutsogolo kwenikweni, akundiyang'ana, ndipo n'chifukwa china chimene ndinathawira m'chimfine. Sadziwa kuwerenga. Inu amene mukuwerenga, ndapota nanu, musakawauze.

Munthu wina akanagonja pamenepo. Iwo, mvula itangokata, anamangiriranso wailesi ya kaseti pa keliyala, kachitatu m'moyo wawo kuyamba ntchito yomweyo. Koma ulendo uno ankangopeza mitumbira. Adzukulu ankadziwa mzere woyamba wa nyimbo, kwinako n'kumangong'ung'udza. Anayesa kuimba okha pamaso pa wailesi ija, koma iwo anali kalaliki, osati woimba. Ankadziwa chiyambi cha iyi ndi mathero a inayo, ndipo akafika pamene aiwala ankadzimenya pamphumi ndi chikhatho, molimba, mpaka ine kutuluka m'chipindamo chifukwa sindinkatha kupirira. M'pamene anayamba zoyanika madisiketi padzuwa zija. Anayesanso kuwaika m'thumba la mpunga, anayesa kuwapukuta ndi thonje la kuchipatala. Ankadziwa kuti n'zosatheka, koma manja ankakana kukhala.

Sindinawakumbutsepo za mkangano wathu. Iwo ndiwo anauyambitsa, tsiku lina ndikuchotsa inki m'manja.

"Mudanena, aphunzitsi."

"Zinapita zimenezo, bambo."

"Sizidapite. Ndikadatumiza, bwenzi alipo. Opanda miyendo, koma alipo."

Ndinafuna kuwayankha kuti madzi akatayika saoleka, koma mwambi ndi wotsekemera kwa wonena yekha. Ndinalira nditafika kunyumba.

Bulaza atamva, anajambula pa kaseti nyimbo imodzi ija inadutsa pafoni, naitumiza pa positi. Kwa nthawi ndithu a Damiyano sanaikhudze. Kenaka anayamba kuimvetsera, ndipo atayamba sanaleke. Ankaibweza, n'kuibwezanso, tsiku lonse. M'mawa wina ndikubwera kudzatenga choko ndinamva kugunda m'chipindamo, ndipo ndinasuzumira pazenera. Anali ataimirira, dzanja limodzi litagwira tebulo, akuponda simenti ndi mwendo wawo wabwino uja pamalo ponse pamene mapazi anasowa. Anali kuwabwezera miyendo amuna aja. Ankapuma movutika, misozi ikutsika, koma sanaphonye ngakhale pamodzi. Choko sindinatenge tsiku limenelo.

Chisanu cha chaka chomwecho chinawalowa m'chifuwa. Anagona masiku ochepa kuchipatala cha mishoni, osadandaula, osasiya mawu. Anamwalira anthu ali kalikiliki ndi zotsatira za chisankho chachiwiri cha zipani zambiri, moti pamaliro ambiri ankanong'onezana za mavoti.

Kiyi wa kachipinda kaja ali ndi ine tsopano. Dzana, patangopita masiku ochepa chivundukulire chiliza, kunabwera bambo wina wochokera ku Lobi, wapansi, nsapato zili m'manja. Anati wakhala nthawi yaitali ku maesiteti a fodya, ndipo wabwera n'kupeza atate ake anamwalira kalekale. Kumudzi amuuza kuti mkulu wa pamishoni anawajambula akuimba, nawalonjeza kuti ana awo adzawamva.

"Ndabwera kuti ndingowamvako, mayi. Ngakhale pang'ono pokha. Sindidawatsanzike."

Ndinamufunsa dzina la atate akewo, ndili ndi kachiyembekezo koti mwina ali m'gulu la nyimbo imodzi ija. Sanali. Ija anaimba ndi madoda a mudzi wina. Ndinamufotokozera zonse, iye akugwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti sizikulowa. Anapempha kuti aone, ndipo ndinamutsegulira. Katoni ija ili pa shelefu. Anaitsitsa, nayang'ana timbale tija ndi manambala ake.

"Ali mu iti?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Nanga adzakonza liti?"

"Sizidzakonzeka."

Anaima nthawi yaitali katoni ili m'manja. Kenaka anaibwezera pamalo pake bwinobwino, naomba m'manja pang'onopang'ono monga tichitira potsanzika akuluakulu, n'kutuluka. Anakana ngakhale madzi akumwa. Ndinamuyang'ana akutsika chitunda mpaka nkhungu inamumeza.

Ndinatsala ndekha pakhomo. Makina a mayeso anasamukira kusukulu, ndipo abambo mfumu atsopano anapereka kachipindako kwa a bungwe la amayi kuti azisungiramo mbewu ya mbatata ya kachewere. Matumba aunjikana mpaka pazenera, ndipo mbatata zina zaboola ziguduli ndi timphukira toyera tofunafuna kuwala. Tebulo analikankhira pakona, mpando anabwereka a kalasi ya katekisimu osabweza. Pakhoma pakadali mzere wakuda pamene moto unatsikira, ndi kachidutswa ka waya kolendewera. M'chipinda chimenechi munalowa mawu a nkhalamba za m'mapiri onsewa, amuna ndi amayi, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lobi. Ndinatseka chitseko n'kuima kaye panja, khutu lili pathabwa. Munkamveka makoswe okha, akukukuta mbatata.